Gemu ikabwera ndi anyamata ake

"Achimwene, ndimalowetsa gemu mu laputopu, ndiye yayamba kupempha zinthu zina zimene ine sindinaitanitse. Ndivomere?" Aliyense wodziwako za kompyuta pamalire pano pa Cassacatiza funso ili analimvapo. Wofunsayo amakhala atadikira theka la ola, maso ali pa kamzere kobiriwira kamene kakukwawa pa sikirini, mtima uli pa mpira wa PES kapena pa malole a Euro Truck Simulator 2. Kamzereko kakangofika kumapeto, pamatulukira kawindo kotchula DirectX. Akakatseka pamabwera ka Microsoft Visual C++, kenako ka .NET Framework. Ena amachita mantha n'kukana zonse, gemu nayo n'kukana kutseguka. Ena amangodina kuvomera paliponse uku akucheza pa foni, ndipo amenewa ndi amene amandidetsa nkhawa.

Kupempha kotereku pakokha si chizindikiro cha vayirasi. Magemu abwinobwino, ogulidwa ndi ndalama kusitolo yodziwika, amapempha zomwezi. Kungoti khomo limene zofunikazi zimalowera ndi lomwelo limene akuba amalowera.

Tiyerekeze kuti mwaitana mmisiri adzakhome malata panyumba panu. Munapangana ndi munthu mmodzi, koma m'mawa wa tsiku la ntchito pabwalo pafika anthu anayi. Wina wasenza makwerero, wina wanyamula sowo, wina ndi wopatsira misomali. Simunawaitane, komabe simudabwa, poti denga silikhomedwa ndi manja awiri. Mukawabweza anyamatawo, mmisiri akhala pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kupendeka, lata ngakhale limodzi osakwera.

Gemu ndiye mmisiriyo. Olemba magemu sayambira pansi penipeni pa chilichonse. Pali ntchito zimene zimafanana m'magemu onse, monga kujambula zithunzi pa sikirini mofulumira, kutulutsa kulira kwa injini kapena phokoso la ochemerera m'bwalo la mpira, ndi kumva batani limene wosewera wadina. Ntchito zimenezi kampani ya Microsoft inazilemba kale n'kuzimanga mtolo umodzi wotchedwa DirectX, umene unatuluka koyamba mu 1995, nthawi ya Windows 95. Visual C++ nayo ndi ya Microsoft. Magemu ambiri amalembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa C++ pogwiritsa ntchito zida za kampaniyi, ndipo gemu ikamayenda imafuna tizidutswa ta zidazo tikhale pafupi. .NET Framework imafunidwa kawirikawiri ndi timapulogalamu totsegulira gemu kapena tosinthira mabatani. Magemu ena amapemphanso PhysX ya kampani ya NVIDIA, imene imawerengera kagwedwe ndi kaswekedwe ka zinthu, kapena OpenAL ya zomveka. Awa ndiwo anyamata a ntchito, ndipo mudzi wonse umawadziwa.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu ambiri, ndipo ndikufuna tichimvetse bwino chifukwa chawonongetsa magemu ambiri popanda chifukwa. Munthu amatsegula mndandanda wa mapulogalamu a m'kompyuta mwake n'kupeza Microsoft Visual C++ yalembedwa kakhumi kapena kupitirira apo: 2005, 2008, 2010, 2012, 2013, 2015-2022, ndipo zaka zambiri zalembedwa kawiri, kwina x86 kwina x64. Amaganiza kuti chinthuchi chikuswana chokha, ndiye amayamba kufufuta, n'kusiya chatsopano chokha. Mawa lake magemu atatu aleka kutseguka. Chimene chachitika n'chakuti mmisiri aliyense ali ndi mnyamata amene anazolowerana naye. Gemu yolembedwa ndi zida za 2010 imaitana mnyamata wa 2010 pomutchula dzina lake, MSVCR100.dll, ndipo wa 2022 sangayankhe kuitana kumeneko ngakhale akhale wanyonga chotani. Kuyambira 2015 m'pamene Microsoft inakonza zoti phukusi limodzi lizitumikira zaka zonse zotsatira. Za x86 ndi x64 n'chimodzimodzi: gemu yakale ya 32-bit imafuna x86 ngakhale kompyuta yanu ili ya 64-bit, choncho zonse ziwiri zimakhala limodzi popanda kukangana.

DirectX nayo imadabwitsa anthu mofananamo. Wina amati, "Ine ndili ndi Windows 10, muli kale DirectX 12, nanga gemu ikufuniranji DirectX 9?" Magemu a zaka za m'ma 2005 mpaka 2013 amadalira timafayilo tina timene Windows yatsopano sibwera nato, monga d3dx9_43.dll ndi xinput1_3.dll. Timafayiloti tili m'phukusi limene Microsoft inatulutsa komaliza mu June 2010. Kuliika sikubweza DirectX 12 m'mbuyo ayi, kumangowonjezera zimene zikusowa. Ndipo ntchito ikatha anyamatawa sachoka, amakhala m'kompyuta ali phee. Sadya mamega, sachedwetsa makina, amadzuka pokhapokha gemu ikawaitana. Amene amagula magemu pa Steam, sitolo ya pa intaneti imene kampani ya Valve inatsegula mu 2003, amaona zomwezi zikuchitika zokha tsiku loyamba kutsegula gemu.

Mpaka apa zonse zili bwino. Chovuta n'chakuti dzina amangovala ngati malaya. Munthu aliyense akhoza kulemba pulogalamu yoipa n'kuitcha vcredist_x86.exe kapena DXSETUP.exe, n'kuiika mu foda yolembedwa Redist, ndipo maso anu sangasiyanitse. Chimene sangabe mosavuta ndi siginecha ya kampani imene imamatidwa m'kati mwa fayilo. Pali njira ziwiri zoionera. Yoyamba ndi kawindo kaja kamene kamadetsa sikirini yonse n'kufunsa ngati mukulola pulogalamu kusintha zinthu m'kompyuta, kamene kanayamba ndi Windows Vista. Pa Windows 10, fayilo ikakhala ndi siginecha yotsimikizika, pamwamba pa kawindoko pamakhala pabuluu ndipo dzina la mwini wake limalembedwa, Microsoft Corporation. Ikakhala yopanda siginecha, pamwamba pamakhala pachikasu ndipo pamalembedwa kuti mwini wake sakudziwika. Njira yachiwiri ndi kudina fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi, kupita pa Properties, n'kuyang'ana tsamba la Digital Signatures. Fayilo yoikira pulogalamu yodzitcha ya Microsoft koma yopanda tsamba limenelo, kapena yosainidwa ndi dzina lachilendo, si ya Microsoft. Kuyang'ana kumeneku sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

Chenjezo lina ndiliike pomwe pano. Gemu ikalemba kuti d3dx9_43.dll kapena MSVCP140.dll ikusowa, anthu amathamangira ku Google, n'kulemba dzinalo, n'kutsitsa kafayilo kamodzi pa tsamba loyamba limene lawonekera. Uku n'kuima pamsewu n'kukuwa kuti, "Ndani pano ndi mnyamata wa makwerero?" kenako n'kulowetsa m'nyumba aliyense amene wakweza mkono. Kafayilo kosowako kali m'phukusi lathunthu limene Microsoft imapereka kwaulere pa tsamba lake. Tengani phukusilo kwa mwini wake, basi.

Tsopano tibwere kwathu kuno, chifukwa malangizo ambiri a za kompyuta amalembedwera munthu wa intaneti yosatha, wogula magemu ndi khadi la kubanki. Cassacatiza ili pa msewu wa N9 wochokera ku Tete, ndipo kutsidya kwa chipata ndi Chanida, njira ya ku Katete. Malole ochokera kudoko la Beira amadutsa pano, ndipo magemu nawo amayenda pa msewu womwewu, m'matumba a anthu, pa fulashi yomangidwa ku makiyi kapena pa hard disk yokulungidwa m'kansalu. Palibe chodabwitsa. GTA V itatuluka pa kompyuta mu 2015 inkafuna malo okwana magigabaiti 65. Ndani angatsitse zimenezo ndi mamega ogula ku Movitel, Vodacom kapena MTN? Ndiye mnyamata amapita ku kashopu kochajira mafoni ndi kuthira nyimbo, kapena kwa mnzake amene wabwera nazo kuchokera ku Tete kapena ku Chipata, n'kukopera. Zokoperazi pafupifupi zonse zimakhala zothyoledwa loko, zimene anyamata amazitcha za crack, ndipo zinadutsa m'manja ambiri zisanafike pano.

Sindikulemba izi kuti ndiweruze mwana wa mlimi wa fodya amene akufuna kusewera mpira madzulo. Koma zoona zake ziyenera kunenedwa. Pa gemu yothyoledwa, funso la DirectX limabwera mochedwa. Chisankho chachikulu chinachitika kale, pamene munadina setup.exe, sikirini n'kuda, kawindo kachikasu n'kufunsa, inu n'kuvomera. Pamenepo munapereka makiyi a nyumba yonse kwa mmisiri amene simukumudziwa dzina, mudzi wake, ngakhale amene anamutuma. Windows ikangopereka chilolezo chimenecho kwa pulogalamu, pulogalamuyo ikhoza kulowetsa ina iliyonse popanda kukufunsaninso. Anyamata amene mukuwaona pa sikirini, a DirectX ndi Visual C++, akhoza kukhala enieni ndithu. Amene akuopsa ndi amene walowera kukhomo lakuseri, wopanda kawindo, wopanda dzina.

Ndiye pali nkhani ya galu. Pafupifupi gemu iliyonse yothyoledwa imabwera ndi kakalata kolangiza kuti muyambe mwazimitsa antivirus. Antivirus ndiye galu wa pakhomo, ndipo kakalatako kakunena kuti, "Mangani galu, ife tikulowa." Apa m'pamene nkhani imavuta, chifukwa pempholi silikhala labodza nthawi zonse. Galu amauwa mmisiri wabwino yemwe. Kafayilo kothyolera loko kamagwira ntchito mofanana ndi vayirasi: kamalowerera m'pulogalamu ina, kamasintha zimene mwini analemba, kamabisa zam'kati mwake kuti asakazindikire. Antivirus ikakaona imauwa, ngakhale kakhale kosaba kanthu. Anyamata azolowera zimenezi, moti galu akauwa amangoti, "Amatero ameneyu, musamumvere." Akuba akudziwa bwino kuti tinazolowera. Ndi chifukwa chake amakonda kubisala m'magemu kuposa kwina kulikonse, poti kumeneko mwini nyumba amamanga galu ndi manja ake, mokondwa, asanatsegule chitseko.

Izi si zongoopseza. Mu June 2021 kampani ya Avast, yopanga antivirus, inaulula za pulogalamu yoipa imene inaitcha Crackonosh. Inkayenda m'magemu othyoledwa kuyambira 2018, ndipo pa mndandanda wa magemuwo panali GTA V, Far Cry 5, The Sims 4, NBA 2K19, Pro Evolution Soccer 2018 ndi Euro Truck Simulator 2, mayina amene tonse timawadziwa. Makompyuta oposa 222,000 anagwidwa m'mayiko osiyanasiyana. Kachitidwe kake n'kofunika kukamva. Gemu inkalowa bwinobwino ndipo inkaseweredwa, mwini n'kumasangalala. Crackonosh inkayamba yakhala chete, kudikira kuti kompyuta izimitsidwe ndi kuyatsidwa kangapo. Kenako inkayatsa kompyuta mu Safe Mode, mmene antivirus sigwira ntchito, n'kuichotsa, n'kuzimitsa Windows Defender ndi Windows Update, n'kusiya kachizindikiro konamizira pakona ya sikirini kuti mwini aziganiza kuti galu akadali pakhomo. Ikatero inkagwiritsa ntchito mphamvu za kompyutayo kukumba ndalama ya pa intaneti yotchedwa Monero, ndipo eni ake anapeza zoposa madola 2 miliyoni. Mwini laputopu ankangoona kuti makina akutentha, fani ikulira ngakhale palibe chotsegula, batire likutha msanga. Kwa munthu amene amachaja ndi sola kapena kulipira pa kashopu, kumeneko n'kuberedwa kooneka ndi maso.

Okumba ndalamawo ndi akuba aang'ono. Oopsa kwambiri masiku ano ndi mapulogalamu okuba mawu achinsinsi, monga RedLine, Vidar ndi Lumma. Amenewa sakhalitsa. M'mphindi zochepa amakhala atakokolola mapasiwedi onse amene munasunga mu Chrome, makiyi olowera ku Facebook ndi ku imelo, n'kutumiza kwa mbuye wawo. Kompyuta sitentha, sichedwa, palibe chimene mungaone. Mumadzazindikira patapita milungu, anzanu akuyamba kukufunsani chifukwa chimene mukuwapemphera ndalama pa Facebook.

Pamalire ngati pano nkhaniyi imalemera kwambiri, ndipo apa m'pamene mtima wanga uli. Laputopu zambiri za pano si zamasewera, n'zantchito. Despachante, wothandiza amalonda pa za kasitomu, amalowera nayo mu Janela Única Electrónica kukonza mapepala a katundu wa makasitomala ake. Mnzake wa ku Chanida amalowera nayo mu ASYCUDA World ya Zambia Revenue Authority. M'makinamo muli ma invoice, makope a mapasipoti a madalaivala, manambala a malole, makalata a kubanki. Madzulo ntchito ikatha mphwake amabwera n'kunena kuti, "Amalume, ndibwerekeko laputopu ndiikemo mpira," ndipo amalume, poti ndi munthu wachifundo, amapereka. Mwanayo alibe mlandu, sakudziwa. Koma zimene zingatuluke m'makinamo usiku umenewo si za banja lokha, n'za anthu ena amene anakhulupirira amalumewo ndi mapepala awo. Makina odyetsa banja asamalowe gemu yothyoledwa, ngakhale imodzi. Pa mfundo iyi sindisunthika.

Pali mtundu wina wa mnyamata amene ndi wovuta kumuweruza, chifukwa amabwera ndi mmisiri wodziwika, mapepala ake ali bwino, koma amapempha kiyi wa kuchipinda chogona. Magemu oseweredwa pa intaneti ndi anthu ambiri amavutika ndi onyenga, ndiye makampani amaika mlonda wogwira onyengawo: Easy Anti-Cheat, BattlEye, kapena Vanguard imene inabwera ndi gemu ya Valorant ya kampani ya Riot Games mu 2020. Kuti mlondayu aone zonse, amalowa m'kati mwenimweni mwa Windows, malo otchedwa kernel, kumene mapulogalamu wamba saloledwa kufika. Vanguard inachititsa mkangano waukulu chifukwa imadzuka kompyuta ikangoyaka, ngakhale tsiku limene simukusewera.

Alonda amenewa si akuba. Koma kiyi akasulidwa, akhoza kugwera m'manja ena. Mu 2013 zinadziwika kuti pulogalamu ya ESEA, kampani yoyendetsa mipikisano ya magemu ku America, inali ndi kachidutswa kokumba Bitcoin mobisa pa makompyuta a osewera, ndipo nkhaniyo inatha ndi mgwirizano wa madola 1 miliyoni ndi boma la New Jersey. Mu September 2016 kampani ya Capcom inaika mu Street Fighter V kafayilo ka m'kernel kamene kanasiya chitseko chotseguka kwa pulogalamu iliyonse yofuna kulamulira kompyuta, ndipo anthu atadandaula inakachotsa. Mu August 2022 kampani ya Trend Micro inanena kuti zigawenga zinatenga kafayilo ka mlonda wa gemu ya Genshin Impact, mhyprot2.sys, kokhala ndi siginecha yake yeniyeni, n'kukagwiritsa ntchito kupha antivirus zisanatseke mafayilo a anthu n'kufuna dipo. Maganizo anga ndi akuti pa kompyuta yamasewera okhaokha, gemu yochokera kwa mwini wake, mlonda wotereyu mukhoza kumulola mukudziwa chimene mwalola. Pa kompyuta yantchito, ayi. Ndipo mukachotsa gemu, yang'anani ngati mlonda wake wachoka nayo, chifukwa ena amatsalira.

Wina amene amalowa ndi gululi ndi wamalonda chabe, amene waona chitseko chotseguka n'kutsatira. Uyu ndi browser imene simunaifune, kapulogalamu kolonjeza kufulumizitsa kompyuta, kapena antivirus yoyeserera masiku ochepa. Amabisala m'kabokosi kochongedwa kale, pa tsamba limene aliyense amadina Next asanawerenge. Ngakhale pulogalamu ya Microsoft yotsitsira DirectX pa intaneti inkabwera ndi kabokosi kotere ka Bing Bar. Chotsani chongacho, ndipo pamene pali kusankha pakati pa Express ndi Custom, tengani Custom kuti muone amene akulowa.

Sitolo yodziwika imachepetsa ngozi kwambiri koma siyithetseratu. Mu February 2025 Valve inachotsa pa Steam gemu yaulere yotchedwa PirateFi itapezeka ndi pulogalamu yakuba mapasiwedi, ndipo inalembera amene anaisewera kuwalangiza kuti apime makompyuta awo, kapenanso aikemo Windows mwatsopano. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kunali wina wogwira wakubayo, womuchotsa, ndi wochenjeza anthu. Fulashi ya mnzanu ilibe amene angakulembereni kalata.

Achinyamata ambiri a pano sasewera pa laputopu n'komwe, amasewera pa foni, makamaka Free Fire imene kampani ya Garena inatulutsa mu 2017, ndi magemu a mpira. Gemu yotengedwa pa Play Store ikapempha kutsitsa mapu kapena zithunzi zowonjezera m'kati mwake momwemo, palibe vuto kupatula mamega. Koma gemu imene yabwera pa WhatsApp kapena pa Bluetooth ngati fayilo ya APK, yolonjeza madayamondi aulere, n'kumapempha kuti muike kapulogalamu kachiwiri, imeneyo ndi nkhani ina. Yang'anani makiyi amene ikupempha. Gemu ya mpira ikufuna chiyani ku mauthenga anu a SMS? Ikufuniranji chilolezo cha Accessibility, chimene chimalola pulogalamu kuwerenga zonse za pa sikirini ndi kudina mabatani m'malo mwanu? Foni yomweyo ndi imene muli M-Pesa kapena e-Mola, ndipo kwa ochita malonda mbali zonse ziwiri mulinso Airtel Money kapena MTN. Mmisiri wa denga akafunsa pamene mumasunga ndalama, ntchito ithere pomwepo.

Kwa eni timashopu tothira nyimbo ndi magemu, ndi kwa aliyense amene anzake amamudalira pa zoika mapulogalamu, pali chinthu chimodzi chosavuta chimene chingathandize mudzi wonse. Gulani mamega kamodzi, pitani pa tsamba la Microsoft lenileni, tsitsani phukusi la DirectX la June 2010, limene silifika mamegabaiti 100, ndi Visual C++ ya zaka zonse, x86 ndi x64. Zisungeni pa fulashi yakeyake imene simuthiramo china chilichonse. Kompyuta ikabwera, yambani mwaika zimenezi, ndipo gemu ikadzapempha kuika zake, chotsani chonga. Mukatero anyamata a ntchito mwawatenga nokha kumudzi kwawo, ndipo wina akabwera kudzitcha mmodzi wa iwo mudziwa kuti ndi wabodza. .NET Framework 3.5 pa Windows 10 ndi 11 siyofunika kuitenga kwa munthu, imayatsidwa m'kati mwa Windows momwemo, pa Windows Features, intaneti ili yoyatsa. Fayilo yokayikitsa mukhoza kuitumiza pa tsamba la VirusTotal, kumene ma antivirus ambirimbiri amainunkhiza nthawi imodzi. Agalu awiri akauwa mwina n'chizolowezi, koma makumi atatu akauwa pamodzi n'kutchula dzina la wakuba mapasiwedi, musatsutsane nawo. Kumeneko tumizani mapulogalamu okha, osati makalata a anthu.

Ana a pakhomo muwatsegulire akaunti yawoyawo mu Windows, yopanda mphamvu za administrator. Akafuna kuika kanthu, kompyuta idzafuna pasiwedi yanu, ndipo mudzakhala ndi mpata woona mtundu wa kawindo kaja. Dziwaninso kuti magemu aulere ochokera kwa eni ake alipo. Mpira wa Konami, umene unali PES, unasintha dzina kukhala eFootball mu 2021 ndipo sugulitsidwa. Epic Games Store imagawa magemu aulere sabata iliyonse, ndipo mu May 2020 inagawa GTA V yeniyeniyo. Steam imalolanso kukopera mafayilo a gemu pa fulashi kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina, bola wolandirayo akhale nayo gemuyo pa akaunti yake, choncho mmodzi akatsitsa ali ku Tete kapena ku Lusaka, enawo sawononga mamega ambiri.

Msinkhu wa Windows nawo uli ndi mbali yake. Laputopu zambiri zimene zimafika kuno n'zogwiritsidwapo kale ntchito, zina zikadali ndi Windows 7, imene Microsoft inaleka kuikonza pa 14 January 2020. Windows 10 nayo nthawi yake yokonzedwa mwachizolowezi inatha pa 14 October 2025. Makina otere mpanda wake sukumatidwanso pamene pang'ambika, choncho ngati ndi amene mwapereka kwa ana kuti azisewerera, musamalowetsemo imelo, Facebook kapena zakubanki.

Nanga amene anamanga kale galu n'kuvomera zonse? Ngati laputopu yayamba kutentha popanda chifukwa, Windows Defender ikukana kuyaka, Windows Update yafa, kapena anzanu akulandira mauthenga amene simunatumize, musayambe ndi kufufuta gemu, chifukwa wakubayo sakhala mu foda ya gemu. Zimitsani intaneti pa makinawo. Tengani foni kapena kompyuta ina yabwino, sinthani pasiwedi ya imelo poyamba, poti imelo ndi imene imatsegula maakaunti ena onse, kenako ya Facebook, ya kubanki ndi ya kuntchito, ndipo pa akaunti iliyonse sankhani kutulutsa zipangizo zonse zimene zinalowamo. Ngati m'makinamo munali mapepala a makasitomala, auzeni. Mukatero samutsani zithunzi ndi makalata anu, siyani mafayilo onse othera ndi .exe, ndipo ikani Windows mwatsopano, chifukwa pulogalamu imene inapatsidwa makiyi a nyumba yonse simungatsimikize kuti yatuluka pongosesa. Fulashi imene inabweretsa gemuyo ifufutidwenso isanapite kwa mnzanu wina, ndipo amene anakupatsani mumuuze kuti nayenso apimitse makina ake.